Mwana wanga amaiwala zimene wangouzidwa kumene, ndimuthandize bwanji?

Moni makolo anzanga ndi aphunzitsi. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 9, ali Sitandade 4. Mutu wake umagwira ndithu: nyimbo za ku Sande sukulu amaziloweza zonse, ndipo zimene zinachitika chaka chatha amazikumbukira kuposa ine. Vuto lili posunga zinthu m'mutu kwa kanthawi pamene akugwira ntchito. Ndikamutuma mchere, machesi ndi sopo kugolosale, amabwera ndi chimodzi, mwina n'kubwerera panjira kudzafunsanso. Kusukulu n'chimodzimodzi. Pophatikiza masamu amaiwala nambala imene wasungira. Pokopera za pabolodi, akangoweramira m'kope, mzere uja wamusokonekera kale.

Aphunzitsi ake amati samvetsera, koma ndi mmene kalasi yawo yadzazira sindingawaimbe mlandu. Kunyumba ndayamba kumuuza chinthu chimodzichimodzi, ndipo amabwereza mokweza asananyamuke. Pa masamu timawerengera zitsekerero za mabotolo. Zikuthandizako, koma homuweki imatimalizira madzulo onse, iye akulira.

Ndiye ndithandizeni maganizo. Kodi aphunzitsi a special needs, monga amene amaphunzira ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, amaunikanso ana ngati ameneyu, kapena amangothandiza osaona ndi osamva? Ndiyambire kwa ahedi kapena ndipite kwa a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale m'dera lathu? Ndipo inu amene munadutsamo m'zimenezi, kubwereza kalasi kunamuthandiza mwana wanu kapena kunangomufooketsa? Bambo ake akukakamira zoti abwereze, koma ine mtima sukundilola.