Ndege ya Cessna 182 yatsokomola pokwera ku Kasungu, sampulo ya mafuta inali yoyera

Woyendetsa 182, Kasungu:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Cessna 182 ya m'ma 1970, matanki a bladder (matumba a mphira osunga mafuta m'mapiko), injini O-470. Dzulo m'mawa pa bwalo la Kasungu run-up (kuyesa injini tisananyamuke) inali bwino, mag drop (kutsika kwa liwiro la injini poyesa magneto imodziimodzi) ili m'malire. Nditangonyamuka, flaps ndisanabweze n'komwe, injini inatsokomola kawiri, mphamvu n'kuthawa, kenako n'kubwerera yokha. Ndinazungulira n'kutera pomwepo. Ndisananyamuke ndinali nditadrena (kutapa mafuta pang'ono pansi pa tanki kuona ngati muli madzi) mapiko onse ndi strainer (sefa ya mafuta), sampulo yabuluu, yopanda dontho. Nditatera ndadrenanso, timadontho ta madzi tili pansi pa kapu, phiko lakumanzere. Madziwa anali kuti poyamba? Mafuta ndi avgas (petulo wa ndege) ya 100LL ya m'dramu. Ndege inagona panja, mvula inagwa usiku wonse. Eni ake akufuna ipite ku Lilongwe mawa, ine mtima ukukana.

Makanika wa ku Lumbadzi:
Achimwene, isauluke. Bladder ikakalamba imachita makwinya pansi, madzi amabisala m'makwinyamo osafika pa drain. Mumadrena, sampulo yoyera, mumakhulupirira. Mukakweza mphuno madzi aja amasefukira kupita ku paipi. Nkhaniyi FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, inaitulutsira lamulo la AD 84-10-01 mu 1984. Tsitsani mchira pansi, wina agwedeze nsonga ya phiko, drenani, bwerezani mpaka madzi aleke kutuluka. Ndipo mundiuze, zivindikiro za matanki anu ndi zolowa pansi zija, zofanana ndi phiko? Mvula imadikha pamenepo, O-ring (kamphira kotseka chivindikiro) ikang'aluka madzi amangolowa.

Mdala wa O-470:
Imeneyo ndi carb ice, ayezi womera mu carburetor. Injini iyi ndayenda nayo zaka zambiri, imagwira ayezi msanga kuposa Lycoming. Mvula yagwa usiku, udzu uli nyowe, m'mawa kuli chinyontho, mukufunanso chiyani? Munakhala nthawi yaitali bwanji pa idle mutamaliza run-up? Manifold pressure (geji ya mpweya wolowa mu injini) inatsika?

Woyendetsa 182, Kasungu:
Madala, carb heat (mpweya wotentha wosungunula ayeziyo) ndinayesa pa run-up, inagwira. Ndinadikira pang'ono kuti anthu achoke pa runway. Geji sindinaiyang'ane, maso anali panja kufuna munda woti nditeremo. Zivindikiro ndi zolowa pansi zomwezo.

Mdala wa O-470:
Mwaona? Munadikira. Ayezi amamera pa taxi (ndege ikuyenda pansi), throttle ili yotseka. Anthu amaganiza kuti poti kuno n'kotentha sizingachitike, chonsecho ngakhale pa madigiri 25 zimachitika bola chinyontho chilipo.

Mayi wa ma charter:
Madala sakunama, koma madzi apezeka m'kapu, amenewo sitingawanyalanyaze. Ine mantha anga ali pa dramu. Kale tinkatera pa esiteti ina ya fodya cha ku Mchinji, madramu anaimikidwa chilili kuseri kwa shedi. Mvula imadzaza pamwamba pa dramu mpaka kumiza bung (chotsekera cha dramu). Masana dzuwa likawomba mpweya umatuluka, usiku kukazizira dramu imayamwa madzi aja, bung ili yomanga bwinobwino. Mnyamata wa pampu anaviika paipi mpaka pansi penipeni. Sampulo yanga inatuluka yoyera mbee, yopanda mzere wolekanitsa, ndipo chinandichenjeza ndi mtundu: sinali yabuluu, kapu yonse inali madzi okhaokha. Manja ananjenjemera tsiku lonse. Dramu igonekedwe chammbali, ma bung onse akhale mopingasa kuti mafuta aziwamiza mkati. Pakani water finding paste (phala losintha mtundu likakhudza madzi) pa ndodo, muviike m'dramu musanapope. Mukathira, dikirani madzi akhazikike musanadrene.

Makanika wa ku Lumbadzi:
Zoona mayi. Onaninso vent (kapaipi kolowetsa mpweya m'tanki) ya pansi pa phiko lakumanzere, kuseri kwa strut (chitsulo chochirikiza phiko). Nyengo ino mavu amamata dothi m'kapaipi kameneko. Ikatsekeka, bladder imadzikoka n'kuchoka pa ma snap (timabatani toigwirizira) ake, makwinya amawonjezeka, ndipo geji imatha kuonetsa mafuta ambiri pomwe mulibe. Drenitsaninso bowl ya carburetor, madzi ena atsala mmenemo. Logbook isainidwe ndi injiniya wa laisensi, osati kungogwedeza phiko n'kumapita.

Wophunzira PPL (laisensi yoyamba yoyendetsera ndege):
Pepani akuluakulu ndilowerere. Avgas ikasowa, petulo wa pa filling station sangathandize? Ndinamva kuti O-470 ina imaloledwa.

Mayi wa ma charter:
Mwana wanga, ayi. Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ma STC (zilolezo zapadera) a mogas, petulo wa galimoto, amakana mafuta a ethanol. Amadya mphira, amamwa madzi moti pa drain simuwaona, ndipo kukatentha vapour lock (mafuta kusanduka nthunzi m'paipi) siichedwa. Usayese.

Mdala wa O-470:
Ndipo mogas imawonjezera carb ice. Ine ndikubwerezabe: musananyamuke, carb heat kwa kanthawi, mubweze, kenako full throttle. Mungasinthe zivindikiro zonse, tsiku lina m'mawa wa chinyontho idzatsokomolanso.

Kaputeni wopuma:
Inu mukukangana za madzi ndi ayezi, ine anzanga ambiri omwe anatera m'minda, tanki inali youma basi. Wa pampu amawerenga malita, buku la ndege limanena magaloni a ku America, galoni imodzi ndi malita 3.785. Wina asokoneze ndi galoni ya ku Britain ya malita 4.5, mwanyamuka masamu a mafuta atalakwika osadziwa. Ngakhale Boeing 767 ya Air Canada mu 1983 inatera ku Gimli injini zonse zitazima, atasokoneza mapaundi ndi makilogalamu. Kwerani pa phiko ndi dipstick, geji musaikhulupirire. Kuno ku Kasungu tili pamwamba pa mamita 1,000, osachita lean (kuchepetsa mafuta olowa mu injini) pa cruise mafuta amatha msanga kuposa mmene buku likunenera.

Makanika wa ku Lumbadzi:
Achimwene a 182, eni ndege auzeni kuti Lilongwe apite pa msewu wa M1. Mwatsegula chivindikiro chakumanzere? O-ring ili bwanji?

Mdala wa O-470:
Ngakhale O-ring ipezeke yong'aluka, sizikutanthauza kuti ayezi kunalibe.

Wophunzira PPL:
Paste ija mayi amanena imapezeka ku Lilongwe, kapena n'kuitanitsa ku Johannesburg?