Kapinga wanga wafiira nditangotchetcha, kodi wafa?

Mbewe wa ku Ulongwe:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndangolowa kumene m'nyumba yangayanga kuno ku Ulongwe, chakunjira yopita ku Calómue. Zaka zonsezi ndinali wa lendi, pabwalo pongosesa basi. Mayi akunyumba ndi amene anati matope a dzinja awatopetsa, tibzale kapinga. Ndinakazula kwa alamu anga n'kubzala mu Disembala mvula itakhazikika, ndipo wagwira bwino mpaka kupitirira mu akakolo. Koma nditatchetcha ndi chikwakwa Loweruka lapitali, pabwalo ponse pafiira ngati mu Okutobala. Dawe nayenso wamera mkatikati. Malo ake ndi mamita 12 m'litali, 8 m'lifupi. Kodi ndigule makina?

Mkulu Phiri, Domwe:
A Mbewe, mtima m'malo, kapinga safa wamba. Akatalika, masamba obiriwira amakhala kumwamba kokha, kunsiku kumatsala timitengo touma chifukwa dzuwa silifikako. Inu mwadula mutu wonse, n'chifukwa chake mukuona zofiira. Mvula ilipoyi, pakatha masabata awiri aphukanso.

Kuyambira pano musamadikire kuti atalike. Dzinja lino tchetchani sabata iliyonse, ndipo pa gawo lililonse la magawo atatu a msinkhu wake muzichotsa limodzi lokha. Atsale wotalika ngati zala zitatu zogundizana, masentimita 4 kapena 5. Mukamatero amayanga m'mbali n'kuthithikana, udzu wina umasowa pomera. Chikwakwa chinoleni ndi tupa musanayambe, chobuntha chimang'amba masamba ndipo nsonga zake zimauma. Dikiraninso mame aume.

Dawe ndiye ntchito. Ali ndi timbatata pansi, mukangozula masamba mawa lake wabwerera. Mvula ikagwa nthaka ili yofewa, tengani kakhasu mukumbe mmodzimmodzi mpaka timbatatato tituluke. Ana asukulu apatseni ntchito imeneyi madzulo.

Nabanda, Moatize:
Inu a ku Angónia muli ndi mwayi, kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, kapinga amamwa madzi kuposa banja lonse. Ine ndinangosiya kachigawo ka pansi pa mtengo wa mango, kwinako ndimasesa.

Achimwene, konzekeranitu chilimwe. Kwanuko mu Juni ndi Julayi adzafiira ndi chisanu, musadzataye madzi pothirira tsiku ndi tsiku, amakhala akugona. Kukayamba kutentha muzithirira mmawa, kawiri pa sabata koma mokhathamiritsa kuti mizu itsike. Madzi otsukira mbale okhala ndi mafuta ndi mchere asapite pamenepo. China, udzu womwe mwatchetchawo wolani, mukausiya milumilu uwolera pompo ndipo chiswe chibwera. Siyaninso mpata wa theka la mita kuzungulira khoma, popanda kapinga, kuti muziona chiswe chikayamba kukwera. Njoka nayo podutsa poyera imaoneka.

Jere, Furancungo:
Koma abale, malo onsewo kubzala udzu woti ngakhale mbuzi simuilola kudya? Kachewere akanakupatsani matumba angati pamenepo, a Mbewe? Ndangodutsa.

Mkulu Phiri, Domwe:
A Jere, kachewere ali ndi kwawo kudimba, musiyeni mwana akongoletse pakhomo.

Za makina ndinaiwala. Pabwalo laling'ono chonchi musawononge ndalama. Aja opachika paphewa amafuna petulo wosakaniza ndi oyilo wa 2T, mukaiwala oyiloyo injini imapsa, ndiponso amaponya timiyala moti galasi la pawindo silichedwa kusweka. Oyendetsa ndi manja amafuna pansi posalala, pomwe pakhomo patsopano pamakhala zidutswa za njerwa ndi misomali zomwe amisiri anasiya. Tolani zimenezo kaye, m'maenje muthiremo dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino. Ngati yureya watsalako kumunda, mwazani pang'ono kwambiri mvula ikugwa. Pouma amawotcha.

Mbewe wa ku Ulongwe:
Zikomo kwambiri bambo Phiri, ndi inu achemwali a ku Moatize. Tupa ndikagula mawa kumsika. A Jere, kachewere ndabzala kuseri kwa nyumba, mudzabwere mu Epulo ndi thumba lanu. Nanga nkhuku za aneba zomwe zikupalasa pomwe kapinga sanatseke, ndiikepo minga kapena ndikalankhule nawo?