Kamakina ka shuga ka amayi: zomwe tapeza

Mwezi watha ndinafunsa ngati kamakina koyezera shuga pakhomo n'kodalirika, poti ka amayi kuno ku Luchenza kamapereka manambala osiyana akabaya zala ziwiri motsatizana. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Tinapita nako kuchipatala, anesi anakayerekeza ndi zotsatira za ku labotale, ndipo kusiyana kunali kochepa. Timakina timeneti timaloledwa kuphonya ndi 15 peresenti: shuga akakhala 200 mg/dL (muyezo wa shuga m'magazi), kamakina kakhoza kuonetsa 170 kapena 230, kali bwinobwino.

Chimene chimasokoneza kwambiri ndi kagwiritsidwe ntchito. Munthu akasenda nthochi kapena nanazi n'kubaya chala osasamba m'manja, nambala imakwera. Timapepala toyezera timaonongeka ndi kutentha komanso chinyontho, ndiye mvula ya kwathu kuno mukuidziwa. Kabotolo ka timapepalati kazitsekedwa msanga, tsiku lothera ntchito liziyang'anidwanso. Chomwe chinandidetsa nkhawa n'chakuti kuchepa kwa magazi, monga munthu akangodwala malungo, kumachititsa kamakina kuonetsa shuga wokwera kuposa mmene alili.

Amayi akupitiriza kukagwiritsa ntchito, koma mankhwala sasintha popanda adokotala. Akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, zomwe zingasonyeze kuti shuga watsika, timawapatsa kaye madzi a shuga ngakhale nambala ikuoneka yabwino.