Filimu yopanda ndewu, yopanda kisi, koma yandikakamira m'mutu

WakuSengaBay:
Anthu inu tandithandizani. Mng'ono wanga wa ku koleji anandisiyira filimu mu flash, In the Mood for Love, ya ku Hong Kong, inatuluka mu 2000, anaipanga ndi Wong Kar-wai. Ndinaonera Loweruka usiku pa laputopu magetsi atathima, kunja mwera ukuwomba moti mafunde amamveka mpaka kuchipinda, ndipo kunena zoona mphindi 20 zoyambirira ndimangodikira kuti kodi iyamba liti. Bambo wina ndi mayi wina alowa nyumba za lendi zoyandikana tsiku limodzi, mu 1962, kenako atulukira kuti mkazi wa bamboyo ndi mwamuna wa mayiyo akuyenda limodzi, basi nkhani yonse ndi imeneyo, palibe womenya mnzake, palibe wopita kwa ankhoswe. Madam anagona isanafike pakati, akuti ndi filimu ya anthu ongokwera ndi kutsika masitepe. Koma lero ndi Lachitatu kanyimbo kake kakundilirirabe m'mutu, ndadzipeza ndikukaimba ndili pa kabaza. Ndiye chandigwira ndi chani poti palibe chochitika? Kapena ndi ukalamba wayamba eti?

Nachisale_KK:
Achimwene simunakalambe ayi kkkk. Ine ndine telala pano pa boma pa Nkhotakota ndiye maso anga anathamangira pa madiresi a mayi uja, Maggie Cheung. Tabwererani mukaonenso. Kasokedwe ndi kamodzi komweko, yothina m'thupi, kolala yaitali yolimba yofika pafupi ndi chibwano, chimasintha ndi nsalu yokha, ina ya maluwa ina ya mizeremizere, onse pamodzi amapitirira 20. Ndiye poti malo ake ndi omwewo, khonde lomwelo, msewu womwewo, mumadziwira diresi kuti tsiku lasintha. Mukaphethira mukhala ngati akupitiriza nkhani yomwe ija pamene padutsa masiku.

Komanso kolala yoteroyo ine ndimaidziwa, ndinasokerapo mkwati wina ndipo anandidandaulira kuti samatha kuwerama bwinobwino podya. Munthu ukavala imeneyo umayenda chilili, khosi gwa, sungadzitaye. Mayi uja ali choncho filimu yonse, mtima ukuwawa koma khosi lili njo. Ndipo taganizani, kutchena konse kuja akungopita kukagula ma noodles mu fulasiki pakona, chifukwa kudya pamodzi ndi alandilodi ndiye mafunso osatha, abambo abwera liti, abambo ali kuti. Amene munakhalapo pa nyumba za mdadada mukudziwa, khoma limamva ndipo mpopi wa madzi ndi nyuzipepala.

Rasta_KamuzuRoad:
Aaa inu musatinamize, ine ndinaiyesa imeneyo, yobowa heavy. Ola ndi theka lonse munthu akungosuta fodya utsi nkumakwera kudenga, kamera nkumautsatira utsiwo ngati muli ndalama. Imeneyo mutaika pa video show pano anthu angakuitanitseni ndalama zawo isanathe. Mwina DJ ataimasulira mu Chichewa nkumaponyamo nthabwala bola. Komanso mwamuna wanji mkazi wako akuyenda ndi neba iwe nkumangoitanitsa khofi? Kwathu kuno nkhani imeneyo ikanathera kwa amfumu pofika Lachisanu.

MphunzitsiWopuma_Chia:
A Rasta mwandiseketsa, ndipo pa za amfumu sindikutsutsani. Koma DJ yekhayo ayi chonde. Ine mafilimu omasulira ndimaonera ndi adzukulu anga ndipo ndimaseka nawo, koma DJ ntchito yake ndi kudzaza pamene pali zii, pamene iyi nyama yake ili pa zii pomwepo. Mukathirapo mawu ndiye mwathira madzi m'thobwa.

Achimwene a ku Senga Bay, kanyimbo kakukuvutitsani kaja anapeka ndi Shigeru Umebayashi wa ku Japan, ndipo sanapekere filimu imeneyi, kanayamba kumveka mu filimu ina ya ku Japan ya 1991. Kamayenda mowerenga katatu, zingwe zikudodomphedwa pansi, vayolini ikulira pamwamba, ndipo nthawi iliyonse kakayamba zithunzi nazo zimachedwetsedwa, anthu aja amakhala ngati akuyenda m'madzi. Kamabwera kambirimbiri osasintha, ndiye poyamba mumangoti nyimbo yabwino, kachitatu mwayamba kudikira kuti akumana pa masitepe kapena aphonyana, pofika kumapeto kakangoyamba mtima wanu wadziwa kale. Sizikusiyana ndi nyimbo ya pamaliro imene mwaimva kuyambira muli mwana, mzere woyamba wokha misozi yayamba. Palinso Nat King Cole, m'Amerika koma akuimba Chisipanishi m'lesitilanti ya ku Hong Kong, zonga za pa wailesi za nthawi imeneyo.

China chimene mwina simunachione, nkhope za akuba aja, mkazi wa bamboyo ndi mwamuna wa mayiyo, sationetsa ngakhale kamodzi. Timangomva mawu kapena kuona nkhongo. Ndipo kamera nthawi zambiri imaima kuseri kwa chitseko, pa zenera, kumapeto kwa khonde, ngati neba wosuzumira. Ndiye woonerawe umasanduka mmodzi wa amiseche aja amene awiriwa akuwaopa. Pali usiku wina mayi uja atsekeredwa m'chipinda cha bamboyo chifukwa alandilodi ndi anzawo akhalira mahjong pabalaza usiku wonse, tinene ngati akuluakulu akakhalira bawo osafuna kudzuka, iye sangatuluke poopa kuonedwa ngakhale sanalakwe kanthu. Ine pamenepo ndinaseka kenako ndinamva chisoni.

Kumapeto bambo uja, Tony Leung, amene anapata nayo mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes mu 2000, apita ku kachisi wakale wa Angkor Wat ku Cambodia nkukanong'oneza chinsinsi chake pa kabowo ka pakhoma, nkutseka ndi dothi. Zimene ananena sitimva. A Rasta, DJ wanu pamenepo akanati chani?

Rasta_KamuzuRoad:
Akanati "ndikufuna ndalama zanga za khofi" kkkkk. Chabwino adala ndiyesanso, koma ndikagona musandinene.

WakuSengaBay:
Zikomo nonse. Aphunzitsi, dzulo ndaibwereza ndi ma headset ndipo ndi filimu ina, mvula ija, nsapato za mayi uja pa simenti, wailesi ya kwa neba, zonse zija pa sipika ya laputopu zimangotayika. Ndakumbuka mmene timakhalira pa mchenga usiku kuyang'ana nyali za asodzi a usipa zitandandalika pa nyanja, palibe chimachitika koma munthu sufuna kukagona.

Chodabwitsa madam ulendo uno sanagone. Pofika pa lesitilanti paja, pamene bambo afunsa za chikwama cha mayiyo, mayi naye nkufunsa za tayi, aliyense akudziwa kale yankho koma akuzungulira, anangoti "mhm, ine tayi imeneyo ndikanaizindikira tsiku loyamba lomwe" nkundiyang'ana ine, inetu tayi ndili nayo imodzi yokha ya ukwati.

Achemwali a Nachisale, akuti ndikufunseni, diresi ngati ya maluwa ija ingalowe mamita angati, ndipo chitenje chingatheke? Akuti kolalayo muifupikitseko pang'ono, iwo nsima amadya.