Ndikufuna kukafika pa Sapitwa, ndiyambire phiri liti kuno ku Blantyre?

Nachisale_wa_Chilomoni:
Anthuni ndithandizeni maganizo. Ine ndi anzanga a kuntchito tapangana zokakwera Mulanje mpaka pa Sapitwa penipeni, koma ndamva kuti chakumapeto umachita kukwawa pa miyala ndi manja ndi miyendo. Michiru ndimakwera ndithu kudzera Njira ya Mtanda koma kumeneko ndi kuyenda basi. Ndingazolowere kuti zokwawazi, nanga mwezi wabwino ndi uti?

Che Phwanya:
Achemwali, Michiru imalimbitsa miyendo ndi mpweya koma miyala siikuphunzitsani. Pitani ku Ndirande, chakumtunda kuli malo oti mumagwira mwala ndi dzanja kenako kudzikoka, ndipo mukamayenda pamsana pa phiri mphepo ikuwombani mbali zonse mudziwa ngati mumachita chizungulire kapena ayi. Mitengo inatha kale kumeneko ndiye mthunzi kulibe, nyamukani 5 koloko ndipo mupite pa gulu, osati nokha.

Mtsinje77:
Soche nayonso ndi bho, miyala ikuluikulu ili pamwamba paja, kungoti chichitikireni Freddy mu Malichi 2023 mbali ya ku Chilobwe ndi ku Manja dothi linagumuka kwambiri, musadutse m'zigwembe zimene zija, funsani anthu a konko njira yomwe akudutsa pano.

Mbiya_wa_Limbe:
Ine ndikuuzeni za Sapitwa yeniyeniyo chifukwa anthu amangoona mamita 3,002 aja n'kumaganiza kuti vuto ndi kutalika, ayi ndithu. Mukwera minibasi mu Limbe mpaka pa Chitakale, kenako kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Likhubula, pamenepo mutenge gaidi, izi zokha musakambirane n'komwe. Tsiku loyamba lonse ndi loyenda mpaka ku kanyumba ka Chisepo, mugona pamenepo, m'mawa kuli mbuu ndiye mumayamba miyala. Pali malo otsetsereka oti mwala ndi umodzi wautali wopanda pogwira, umangodalira mphira ya nsapato ndi zikhatho, pena mukulowa m'mphako chikwama mwachivula mukuchikankha kutsogolo, pena mukudutsa mu timitengo tothinana todzadza ndere. Koma chimene chimaliza anthu ndi potsika, maondo akunjenjemera ndiye ambiri amatsika chokhala, buluku mpaka kung'ambika kumbuyo. Ndiye ku Ndirande kuja muziphunzira kwambiri kutsika, osathamangira pamwamba pokha.

Za mwezi, pewani dzinja chifukwa mwala ukanyowa umaterera ngati therere. Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, nkhungu imatseka mwadzidzidzi osaonanso mivi yofiira imene inapentedwa pa miyala, ndipo anthu anasowapo m'phiri limene lija. Gaidi akati tibwerere, bwererani ngakhale nsonga mukuiona apo.

Nachisale_wa_Chilomoni:
Zikomo kwambiri achimwene, Loweruka lino tiyamba ndi Ndirande. Nanga nsapato, zanga zothamangira zija zikwana kapena ndikasake jombo ku kaunjika?

Mbiya_wa_Limbe:
Zikwana bola kunsi kwake kusakhale kosalala, mphira yofewa imagwira mwala kuposa jombo zolimba. Ku kaunjikako mukasake jekete yochindikala ndi chipewa, ku Chisepo usiku kumazizira koopsa.