Bambo wa sitiroko akutsamwa ndi phala, banja ndiliuze chiyani?

Namwino woyendera odwala m'midzi:
Anzanga, ndipatseniko nzeru. Ndili ndi bambo wina amene anatuluka m'chipatala masabata atatu apitawo atadwala sitiroko, mbali yakumanja inafooka. Dzulo ndinapeza mayi akunyumba akuwamwetsa phala la mgaiwa lamadzimadzi m'kapu, bambowo ali chigonere pamphasa. Akangomeza kawiri, chifuwa chayamba, misozi ili mbwee, mawu n'kumamveka ngati kukhosi kwatsalira madzi. Mayiwo akuti amalisungunula dala kuti lizidutsa msanga. Munthuyo waonda mpaka lamba anachita kuboola bowo lina. Ufa wogula wolimbitsira zakumwa sangaukwanitse.

Wothandiza ovutika kulankhula ndi kumeza:
Asisita, kudutsa msangako ndiye vutolo. Zamadzimadzi zimathamangira kukhosi njira ya mpweya isanatseke, zina n'kutsikira m'mapapo, mapeto ake chibayo. Ena satsokomola n'komwe zikamalowa, choncho muyambe mwawayeza kutentha kwa thupi ndi kapumidwe. Ngati thupi latentha, abwerere kuchipatala lero lomwe.

Kudya chogona kuthe. Akhale tsonga, khoma lili kumsana, ndipo asagone mpaka patapita mphindi 30. Kapu aisiye, agwiritse ntchito sipuni yaing'ono, yachiwiri izidikira yoyamba itamezedwa. Akamaliza muziyang'ana m'tsaya lofookalo, chakudya chimabisala mmenemo. M'kamwa azitsuka m'mawa ndi madzulo, chifukwa tizilombo ta m'kamwa ndi timene timakayambitsa chibayocho.

Kulimba kwa phala yezani ndi njira ya IDDSI, imene imagawa zakudya ndi zakumwa m'milingo malinga ndi kulimba kwake. Tsekani kunsonga kwa sirinji ya 10 ml ndi chala, idzazeni, mutsegule masekondi 10. Pakatsala 4 mpaka 8 ml ndi mulingo 2, kuposa 8 ml ndi mulingo 3. Mulingo 4 suyenda m'sirinji: umakhala pasipuni, mukaipendeketsa umagwa wonse osakakamira. Koma mulingo wa bambowa sindingautchule ndisanawaone akumeza. Mutha kubwera nawo?

Wa zakudya:
Ine nkhawa yanga ili pa kuondako. Phala losungunula lija ndi madzi okhaokha, mimba imadzaza thupi osapeza kanthu. Aphike lolimbirako, athiremo nsinjiro zosefa bwino, kasipuni ka mafuta ophikira, mkaka ukapezeka, kapena dzira lomenya lipsere momwemo. Likuni Phala akalipeza ndi labwino, muli soya. Masana maungu kapena mbatata yopota, nyemba zochotsa makoko n'kuzisefa, peyala lakupsa, nthochi yofewa. Usipa asinje mumtondo, asefe kawiri, kaminga kamodzi kangawavutitse. Kudya kukhale kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, pang'onopang'ono, popeza anthu otere amatopa mbale isanathe.

Nsima iyambe yadikira. Imamata, ndipo mbamu yoviika mumsuzi ndi zinthu ziwiri pakamwa pamodzi: msuzi umatsogola, nsima n'kutsalira. Chiponde chokhachokha nachonso chimakakamira kukhosi.

Mlangizi wa zaumoyo:
Nanga thobwa bwanji, akuluakulu? Kuno odwala ambiri akakana zonse, thobwa amalandira.

Wa zakudya:
Achimwene, thobwa lili ndi mphamvu koma apa ndikuliopa. Chimera chimasungunula phala, n'chifukwa chake thobwa limamweka, komanso muli timisere. Malovu amachita zomwezo. Sipuni ikamachoka m'kamwa n'kubwerera m'mbale, phala lija pomafika kumapeto limakhala lasanduka madzi. Mayiwo azipungulira pang'ono m'kambale kena, lotsala likhale mumphika.

Wa kufamase:
Mufunsenso za mapiritsi. Mabanja ambiri amangosinja onse n'kusakaniza m'phala. Ena, monga mankhwala a BP otchedwa nifedipine, uja wogwira ntchito pang'onopang'ono, sasinjidwa, mphamvu yonse imatuluka nthawi imodzi BP n'kutsika kwambiri. Abweretse timapaketi tonse tione ngati ena angasinthidwe.

Namwino woyendera odwala m'midzi:
Zikomo nonse. Ndapitako m'mawa uno. Thupi silikutentha. Tinawakhazika tsonga pakhonde, ine ndi mayi tinaphika phala la nsinjiro, ndipo ndinawasiyira sipuni kuti ayeze okha mpaka dzanja lizolowere. Bambo adya masipuni khumi ndi awiri, atsokomola kamodzi kokha kumapeto atatopa, tinalekera pomwepo. Mayi analira, akuti masiku onsewa ankaganiza kuti akuwachitira chifundo. Ndinawauza kuti palibe amene anawaonetsapo, sanalakwe dala.

Chatsala ndi madzi akumwa. Mkodzo wawo ndi wofiirira, ndipo akupempha madzi a mumtsuko.

Wothandiza ovutika kulankhula ndi kumeza:
Zimenezo musazichedwetse. Odwala amene tawalimbitsira zakumwa nthawi zambiri amamwa zochepa, thupi n'kuuma. Pakadali pano madziwo apite m'kaphala kosefa kosalala, kangapo pakati pa chakudya, mayi aziwerenga makapu. Mkodzo ukachepa kapena akayamba kuodzera, musadikire tsiku lobwera nawo kuno, pangafunike diripi kapena chubu chodyetsera cha m'mphuno. Mukamabwera mutenge phala lomwe mayi akuphikalo m'kabotolo, ndidzawaone akumeza lomwelo.