Za Venus, ndani angandimasulire?

Abale ndithandizeni pano, makamaka inu mumatsata za nyenyezi. Mchemwali wanga walimbikira zoti chibwenzi chake chikuvuta chifukwa cha pulaneti ya Venus, akuti ikamaoneka ngati ikubwerera m'mbuyo, zomwe zimachitika pakatha miyezi pafupifupi 19 ndipo zimatenga masiku ngati 40, ndiye zachikondi zimasokonekera eti. Ine sindikukhulupirira kwenikweni koma ndikufuna kumvetsa.

Aroma ankati Venus ndi mulungu wamkazi wa chikondi, Agiriki Aphrodite, ndiye a horoscope, olosera potsata nyenyezi, amati pulanetiyi imalamulira zizindikiro za Taurus ndi Libra. Koma ku Babulo mulungu wamkazi wa pulaneti yomweyi, Ishtar, analinso wa nkhondo, nanga mbali imeneyo inathera kuti? Bwanji masiku ano tikungomva za chikondi ndi kukongola basi?

Chinanso, kwathu akuluakulu ankati mwezi uli ndi akazi awiri, nthanda ya m'mawa imene simudyetsa bwino mpaka kuwonda, ndi ya madzulo imene imamunenepetsa, chonsecho ndi Venus imodzi yomweyo. Alipo anamvako nthanoyi yonse? Kwanu ankaifotokoza bwanji? Ndiyankheni chonde ndikamuuze mwanayu.